Mchombo Umene Ndinabisa

Mchombo wa mwana wanga unagwa Loweruka, sikisi koloko m'mawa itangokwana. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wailesi ya eni nyumba inali itangoyamba kuwerenga nkhani. Ndinaupeza m'thewera, wouma ngati kamutu ka kapenta. M'malo moitana anthu, ndinaufumbata.

Mwanayo anali ndi masiku asanu ndi limodzi. Bambo ake tinawaika m'manda kutatsala milungu itatu kuti ndichire. Anali telala pakhonde la shopu ku Chawama, ndipo chifuwa chinawatenga. Maliro atatha, abale ananyamula makina osokera n'kumapita. Amene anatsala nane m'chipinda chathu cha lendi anali alamu anga, alongo awo aakulu a malemu, ochokera ku Petauke.

Mkaka sunabwere. Ndikafinya, munkangotuluka timadontho tachikasu. Zinali zaka zija za mizere: ufa pamzere, sopo pamzere, mkaka wa m'chitini kungoumva dzina. Alamu ankamwetsa mwana madzi a shuga ndi supuni, iye n'kumalira mpaka mawu kusasa.

Tsiku lachitatu anandikhazika pansi. "Mulamu, maziba ya mukazi wofedwa siyabwela. Uyu mwana ni magazi ya mulongo wanga, siningamutayilile. Muchombo ukagwa chabe, nimutenga kumunzi. Kuli mbuzi, kuli na bakazi bonyonsha bana."

Sanalankhule mwankhanza. Koma kwathu mwana satuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ngakhale kufika pakhomo. Kachingwe kameneko ndi kokhako kamene kanamangirira mwana wanga kwa ine.

Loweruka lija alamu anali atalawirira kumzere wa ufa. Ndinabwezera mchombo pamalo pake n'kumanga pamimba ndi kansalu koyera, monga tinkachitira masiku onse.

Amene ankamusambitsa mwana anali amake mapasa a khomo loyandikana, mayi wachisilamu wokazinga vitumbuwa. Atamasula kansalu, mchombo unatsalira m'dzanja mwawo. Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kugwira khoma.

"Iwe! Wamatika muchombo monga chigamba cha tayala?"

"Ba neba, napapata, musakambe."

"Nikambe chani? Ine maso yanakalamba. Koma masiku yabili chabe, wamvela? Ndipo uzadya. Wamene anafa ni mwamuna wako, osati mimba yako."

Ananena zoona. Chichokereni kumanda ndinkangolawa chakudya. Ndinkachita manyazi kuti anthu aone namfedwa akutafuna ngati zonse zili bwino, ndiponso ufa unali wochepa, ndiye ndinkasiyira alamu, poti anali mlendo.

Amake mapasa anabweretsa nshawa zaziwisi, mtedza wosakazinga, chinangwa, ndi chigubu cha munkoyo, thobwa lathu la mizu, akuti ndizo zimaitana mkaka. Anasamutsira mbaula yawo pakhomo panga. Dzanja lina likutembenuza vitumbuwa, diso lili pa ine. "Tafuna! Meza!" Supuni ya madzi a shuga ija anaibisa m'chitenje. Mwana akalira ndinkamuika kubere, ngakhale louma, ngakhale nsonga zitang'ambika. Akalefuka, iwo ankamutenga n'kumuyamwitsa pamodzi ndi mapasa awo.

Alamu akabwera ankafunsa, "Ukalibe kugwa?"

Amake mapasa ndiwo ankayankha. "Vonse vichedwa masiku yano, amai. Unga uchedwa, basi ichedwa. Muchombo ndiye ufulumile?"

Lamulungu lonse ndinadya mpaka nsagwada kuwawa. Madzulo ndinafinya: timadontho tomwe tija. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukalira, kenaka ndinabwerera kudzamaliza chinangwa.

Lolemba m'mawa ndinali pampopi, ndikuchapa matewera popanda sopo. Ndinamva mwana akulira m'nyumba. Pomwepo pachifuwa panandibaya ngati singano zambiri, ndipo diresi linanyowa mbali zonse ziwiri. Ndinasiya ndowa, mzere ndinausiya, azimayi akundikuwira kuti ndaiwala matewera.

Ndinamulanda mwana m'manja mwa alamu. Anagwira bere, ndipo ndinamumva akumeza. Sindinamvepo mawu okoma choncho, ngakhale kutchalitchi. Mkaka unatsikira m'khosi mwake mpaka kukhutu. Atakhuta, nkhonya zake zinatambasuka, n'kugona kukamwa kuli yasa.

Ndinamasula kansalu kaja n'kuika mchombo m'dzanja mwa alamu.

"Unagwa pa Chibelu. Nenze nabisa."

Anautembenuza ndi chala kwa nthawi yaitali. "Bana seveni nabala ine, mulamu. Uganiza siniziba mimba ya mwana wagwesa muchombo?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Nenze kuyembekeza chabe nione ngati uzalimba."

Anabwereka khasu kwa eni nyumba n'kukaukwirira okha kuseri kwa chipinda chathu. Lachinayi ndinawaperekeza pokwerera basi, mwana ali kumbuyo kwanga, ulendo wake woyamba kuona msewu. Iwo anakwera okha.

Milungu yotsatira sinali yophweka. Mwana anatuluka zidzolo, matewera sankauma, ndipo masiku ena ndinkamuyamwitsa misozi ikugwera pamutu pake. Koma masaya anadzaza, ndipo kusikelo anamwino anasiya kundikalipira.

Mwanayo tsopano ndi telala, ali ndi ana ake. Ine ndimagulitsa nshawa ndi munkoyo pamsika wa Chawama. Ndikamva kuti mtsikana wachira m'komboni muno, ndimapita ndi mbale ya nshawa zaziwisi, ndimakhala pakhomo pake, ndipo sindichoka mpaka atamaliza.