Chipoto cha Fyuluta Pansi pa Bedi

Fungo la palafini wosakanikirana ndi girisi likangondifika m'mphuno, ndimawaona agogo anga aamuna, a Semba, atawerama pa injini ya pikapu yawo kuseri kwa nyumba yathu ku Bangwe, malaya atapinda mpaka m'zigongono, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi m'Chisena cha kwawo ku Nsanje. Pikapu ija inali yakale, utoto wake wobiriwira utafwifwa, chitseko chakumanzere chomangidwa ndi waya. Koma ndiyo inkanyamula tomato ndi kabichi wa amayi a ku Bvumbwe kupita naye kumsika wa Limbe, ndipo ndiyo inkatidyetsa tonse m'nyumbamo.

Loweruka lililonse agogo ankayeretsa fyuluta ya mpweya, ine n'kumawapatsira zipangizo. Ndinali Fomu 2. Pamwamba pa injini panali chitsulo chozungulira ngati poto, chimene iwo ankachitcha chipoto, ndipo fyuluta inkakhala m'kati mwake. Ankamasula ndi zala nati ya mapiko yapamwamba, n'kutsegula timaloko tam'mbali, n'kusolola kapaipi ka labala pang'onopang'ono kuti kasang'ambike, kenako mabawuti awiri apansi ndi sipanala ya nambala teni. Chipoto chikachoka, kukamwa kwa kabuleta, polowera mpweya mu injini, kunkatsala yasaa ngati kwa mwana wa mbalame, ndipo ankakutseka msanga ndi kansalu koyera.

"Felista, injini sisankha chopuma," ankatero. "Ukaipatsa fumbi, imeza fumbi."

Tsiku lina anailiza popanda chipoto kuti ndimve mmene imakokera mpweya, fyooo! Ndinakalemba zonsezo m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, pansi pake n'kuwonjezera kuti ndidzakhala injiniya.

Zaka zimenezo kukakhala msonkhano wa chipani, mwini galimoto ankadziwa kuti galimotoyo si yake. Anthu a chipani ankabwera kudzaitenga kuti inyamule anthu okavina, osapempha n'komwe, ndipo ikabwera itathyoka sipuling'i unkayenera kuthokoza. Ya agogo anali ataitengapo kawiri. Kachiwiriko inabwera popanda tayala la sipeya.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachinayi, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pochokera kusukulu ndinapeza boneti ili yotsegula, chipoto palibe, kansalu kali pa kabuleta. Pambali panaima a Sikelo, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu, ndi anyamata awo awiri. Chimene sindinkadziwa n'chakuti agogo anali atamva m'mawa za ulendo wa ku Phalombe, msewu wa fumbi lokhalokha, ndiye anachotsa chipoto n'kuchibisa pansi pa bedi. Kenako anauza a Sikelo kuti chang'ambika, chili kwa owotcherera zitsulo ku Ndirande.

"Ndanena kale, bwana tcheyamani, siyingayende," agogo ankatero ine ndikufika.

A Sikelo ananditembenukira akumwetulira. "Eee, asekondale afika! Mwana wophunzira sanama. Tatiuzeni, mayi, galimoto yopanda kachitini kapamwambaka singalire?"

Munthu waudindo anali asanandifunsepo nzeru chibadwire. Ndinaongola msana ngati ndili m'kalasi.

"Imalira ndithu, bambo. Kuyendanso imayenda, agogo anandionetsa. Kungoti fumbi..."

"Basi, basi, wakhoza mayeso," anandidula. "Mwamva, madala? Mdzukulu wanu wakuposani. Makiyi."

Agogo sanandiyang'ane. Chipoto chinali m'chipinda pomwepo, kuseri kwa khoma limene anatsamira, ndipo kuchibwezera sikukanawatengera nthawi yoti madzi n'kuwira. Koma kuchitulutsa kunali kuvomera pamaso pa anyamata aja kuti anamiza chipani, pamene tonse tinkadziwa za aphunzitsi ena a m'njira yathu amene anatengedwa chifukwa cha nkhani yochepa kuposa imeneyo, osabwerako mpaka ana awo kuwaiwala nkhope. Choncho nkhalamba ija inapisa m'thumba, n'kupereka makiyi ndi manja awiri.

"Chonde, ana anga," anapempha, "mumange nsalu pakamwapo, ndipo muziyenda patsogolo pa malole."

Mmodzi wa anyamata aja anasolola kansalu koyera kaja, n'kupukutira nsapato zake, n'kukaponya m'ngalande.

Anaibweza Lamlungu masana, ife tikuchokera ku Misa. Tinaimva isanaoneke, ikutsokomola pachitunda, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Masiku atatu inali ikutsatira malole, ikumeza fumbi lawo lonse. Agogo anapisa chala m'kabuleta, chinatuluka ndi phala lofiira la dothi ndi oyilo. A Sikelo anaponya makiyi pa boneti.

"Galimoto yanu ndi yaulesi, madala. Yatichititsa manyazi panjira."

Ndipo agogo anga, munthu amene anayendetsa galimoto a Sikelo asanamere mano, anati, "Pepani, bwana."

Pepani! Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kanga mpaka cholembera chinaboola pepala: Ndimadana ndi a Sikelo. Ndimadana ndi pakamwa panga. Kenako ndinang'amba tsambalo n'kuliponya pa mbaula, chifukwa masiku amenewo ngakhale kabuku ka mwana wasukulu kankatha kumangitsa banja lonse. Zimenezonso zinandikwiyitsa.

Pikapu inadzikoka milungu itatu, n'kuzima osadzukanso. Amayi a tomato anapeza lole ina. Agogo anayamba ulonda pasitolo ina ku Limbe, nkhuku zathu n'kumaikira mazira pampando wa dalaivala. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa tayala lophwa, chipoto chili pamiyendo, akuchipukuta ngati kuti pali injini yochidikira. Ndinagwada.

"Agogo, ndimenyeni."

"Ndikumenyerenji, mwanawe? Unafunsidwa, unayankha zoona. Wonama ndinali ine, ndipo nanenso sindinabadwe wonama." Anandigwira phewa ndi dzanja lagirisi. "Kwiya ndithu. Koma mkwiyo usaulozetse kolakwika."

A Sikelo anakalamba bwinobwino. Ulamuliro utasintha ankakhala pabenchi lakutsogolo kutchalitchi, ndipo akandiona ankafuula, "Injiniya wathu!" Sanatchulepo za pikapu ija ngakhale kamodzi.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo fyuluta ndimachotsa ndekha, kansalu koyera kali m'manja. Ana anga ndimawaphunzitsa kunena zoona, sindinasiye. Injini ija ndinailira n'kuiwala. Chimene sindinakhululuke n'chakuti munthu wamkulu anatenga chilungamo cha mwana n'kumasulira nacho makiyi m'manja mwa nkhalamba, ngati sipanala. Chipoto cha agogo chili pamwamba pa kabati m'chipinda changa. Nthawi zina ndimachitsitsa n'kuchiyang'anitsitsa mbali zonse. Chilibe mng'alu ngakhale umodzi.