Mlandu wa Mwana wa Mchemwali Wawo

Ku sukulu yophunzitsa apolisi kunali aphunzitsi ena amene ankawatchula kuti a Envulopu. M'thumba la malaya awo simunkasowa maenvulopu akhaki, ndipo chilichonse chimene wophunzira watola pamalo pochitikira mlandu, kaya ndi batani kaya kachidutswa ka ndudu, ankafuna chilowe mu envulopu yakeyake, pamwamba palembedwe tsiku, nthawi, malo ndi dzina la wotola. Dzina lawo lowaserewulali ankalidziwa, koma sankakwiya nalo.

Anafufuza milandu zaka makumi awiri asanawatumize kukaphunzitsa. Anagwa pa njinga yamoto ya kuntchito, bondo linaphwanyika, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina. Akazi awo anali atamwalira kale, ana analibe. Ankakhala ndi mchemwali wawo wamng'ono, telala, pamodzi ndi mwana wake wamkazi, amene anakulira m'manja mwawo mpaka kukwatiwa.

Kalasi yawo inali chipinda chakale chosungiramo matayala, kuseri kwa galaja. Anaikamo bedi lachitsulo, tebulo lothyoka mwendo ndi chidole chachikulu chimene anapanga okha polongedza nyuzipepala mu yunifomu yakutha. Ophunzira ankachitcha malemu. M'mawa uliwonse malemu ankafa imfa yatsopano, lero pansi pa windo, mawa pabedi, ndipo wophunzira wolowa mophuluza n'kuponda pamene pali chidindo cha nsapato ankabwezedwa pakhomo kuti akayambirenso. Lachisanu chipindacho chinkasanduka khoti. Iwo ankakhala loya wa woimbidwa mlandu, n'kumapanikiza mboni ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu. Ankati woweruza amakhala kulibe zinthu zikamachitika, amaonera m'maso mwa wapolisi, choncho wapolisi anene zimene anaona basi, ndipo pamene sakudziwa anene kuti sakudziwa. Bodza lopulumutsa mlandu wa lero, ankatero, limapha milandu khumi ya mawa.

Mwa onse amene anadutsa m'chipindamo, amene ankamunyadira anali mayi wina wosalankhulalankhula, amene anzake ankamutchula kuti Magalasi. Pa khoti la Lachisanu sanamugwetsepo ndi kamodzi komwe. Kabuku kake ankakaonetsa kwa magulu obwera pambuyo, kuti aone mmene munthu amalembera.

Patapita zaka zinayi Magalasi atamaliza maphunziro, mwana wa mchemwali wawo uja anapezeka atafa m'nyumba ya mwamuna wake, ali ndi bala kunkhongo. Mwamunayo, dalaivala wa thiraki, anati mkazi wake anaterereka m'bafa. Oyandikana nawo nyumba anati anamva mkangano masanawo, koma palibe anaona kanthu. Atamva kuti mlanduwo wapatsidwa kwa Magalasi, a Envulopu anauza mchemwali wawo kuti mtima ukhale m'malo, nkhani ili m'manja mwabwino. Iwo sanapiteko kunyumbako, ngakhale foni sanaimbe. Ankaphunzitsa okha kuti wachibale sayandikira mlandu wa mbale wake.

Mlandu unalowa m'khoti patatha miyezi isanu ndi inayi. A Envulopu anakhala pa benchi yachiwiri ndi mchemwali wawo, amene anabweretsa chithunzi cha mwana wake m'chikwama. Loya wa mkamwini wawoyo anali wofatsa, wosakweza mawu, ndipo mafunso ake anali omwe aja iwo ankafunsa Lachisanu. Magalasi anayankha onse mosazemba. Anafotokoza kuti galimoto ya kusiteshoni inali yowonongeka, choncho anafika m'mawa mwake, n'kupeza amayi a mwamunayo atakolopa kale nyumba yonse. Kuseri kwa kabati anapeza simbi yositira zovala, ili ndi tsitsi ndi magazi. Anainyamula mu jumbo, poti zosungiramo umboni zinali zitatha kalekale. Zotsatira za kuyeza magazi sizinabwere mpaka tsikulo. M'chipinda chosungira umboni denga linkadontha, pepala lomata pa jumboyo linanyowa n'kufufutika, ndipo pa shelefu yomweyo panali simbi zina ziwiri za milandu yakuba.

Loya ananyamula simbiyo n'kufunsa ngati mboniyo ingalumbire kuti ndi yomwe inatola kuseri kwa kabati. Magalasi anayang'ana ku benchi yachiwiri, kenaka kwa woweruza.

"Ndikukhulupirira kuti ndi yomweyo, koma kulumbira sindingalumbire."

A Envulopu anadziwa pomwepo kuti mlandu watha. Patapita milungu itatu woweruza anamasula mkamwini, nati umboni ndi woperewera. Panja pa khoti mkamwiniyo anabwera pamene anaima, anapinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti pepani amalume, tonse taluza.

Atafika kunyumba mchemwali wawo anakhala pa mpando wa makina ake osokera, nsapato osavula.

"Achimwene, anthu aja si inu munawaphunzitsa? Mawu amodzi okha akanangonena kuti inde. Mwana wanga wapita ngati nkhuku yogundidwa pamsewu."

A Envulopu anayesa kufotokoza za lamulo, koma ankamva mawu awo akumveka ngati a m'kalasi.

Mlungu wotsatira Magalasi anabwera kusukulu nthawi ya nkhomaliro, ophunzira atatuluka. Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kufunsa kuti akanakhala iwo akanayankha bwanji. Anamuuza kuti akanayankha chimodzimodzi, ndipo sanalakwe pena paliponse. Mayiyo anathokoza. Atatembenuka kuti azipita, iwo anawonjezera motsitsa mawu.

"Koma tsiku lija ndinkapemphera kuti uname."

Magalasi sanabwerenso. Iwo anamva kwa ena kuti mayiyo anapempha kuchoka ku zofufuzafufuza, ndipo tsopano amaimitsa magalimoto pamphambano.

Mchemwali wawo ananyamula makina ake n'kupita kukakhala kwa msuweni wawo, ku tawuni ina. Foni ankayankha mwa apo ndi apo, moni ndi za matenda basi, kenaka anasiyiratu. Iwo analemba makalata atatu kwa akuluakulu, za denga lodontha ndi za galimoto. Yankho linabwera limodzi, lowathokoza chifukwa cha mtima wawo wokonda ntchito. Anaphunzitsabe chaka china chimodzi, koma ophunzira a chaka chimenecho ankadabwa kumva kuti kale bambowa ankaopedwa. Wina akalakwitsa ankangoti chabwino, wotsatira.

Atapuma pa ntchito anasamukira m'kachipinda kamodzi pafupi ndi msika. Tsiku lina Loweruka m'mawa, akuchokera kogula sopo, anakumana ndi mkamwini uja pa kanjira kopapatiza, pakati pa ogulitsa mapoto ndi ngalande. Mkamwiniyo anali ndi mkazi wina, wamng'ono, woyembekezera, atasenza thumba pamutu. Mkamwiniyo anawapatsa moni mwaulemu, n'kuuza mkaziyo kuti awa ndi achibale akale. Mkaziyo anamwetulira, nawafunsa za mwendo. A Envulopu anafuna kumukokera mkaziyo pambali kuti amuchenjeze, koma analibe chomuonetsa, ndipo iwo eni sanaone kanthu ndi maso awo. Anayankha kuti mwendo uli bwinoko, anapatukira m'mbali mwa ngalande, awiriwo n'kudutsa.