Waya wa buleki ya achimwene

Lamulo limene linalanditsa achimwene anga ming'oma yawo ya njuchi ndinabwera nalo ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa ndikayambira kwina ndidzikometsera nkhani.

Mudzi wathu uli m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa, ulendo wa theka la tsiku pa njinga kuchokera ku Chipata. Chaka china kunabwera anthu a bungwe losamalira nyama zakutchire. Anati aliyense wopereka misampha yake ya waya alandira ming'oma, ndipo uchi ndi nsawa azitigula ndi iwo. Tinapanga gulu, ine n'kusankhidwa kukhala wapampando. Sanandisankhire nzeru ayi, anandisankhira kusaopa munthu. Ndikapsa mtima ngakhale agalu amakabisala kuseri kwa nkhokwe. Pa msonkhano woyamba ndinaimirira n'kunena kuti wopezeka atatcheranso msampha alandidwe ming'oma yonse, kaya ndi mbale wa ndani. Anthu anaomba m'manja, ine n'kumadzimva kukoma.

Achimwene, akulu anga obadwa nawo mimba imodzi, anali otchera odziwika dera lonselo. Tsiku lopereka misampha pabwalo la sukulu anabwera ndi thumba lodzaza mawaya, nalikhuthula pamaso pa anthu. Analandira ming'oma isanu. Zinatidabwitsa tonse kuti munthu amene ankanunkha nyama moyo wake wonse anasanduka mayi wa njuchi. Ankaziikira madzi m'chigoba cha mphika nthawi yotentha, ankayankhula nazo, ndipo pofula uchi ankasiya zisa zina kuti eni ake asagone ndi njala. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. M'mawa uliwonse ankakwera njinga kukazonda ming'oma ija ngati akupita kukaona odwala.

Chaka chachitatu mwana wanga wamkazi anapeza mwamuna wa ku komboni ya Nabvutika ku Chipata, woyendetsa thiraki yodutsa pa malire a Mwami. Abale a mwamunayo anatumiza mawu kuti akubwera kudzaona kwathu. Mwezi womwewo chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse m'mudzi, mbuzi ndinalibe, thonje linali lisanagulidwe. Ndinagona masiku awiri ndikuganiza za anthu a m'tauni atakhala pamphasa panga akudya nkhwani wotendera.

Ndinapita kwa achimwene. Kwathu mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba: ana anga ndi ake, manyazi anga ndi ake. Ndinawapeza akusoka chipewa chawo chofulira uchi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Achimwene, mbumba yanu idyetse alendo masamba? Akabwerera akanena kuti mtsikana uja alibe malume."

"Tibwereke mbuzi, mlongo."

"Kwa ndani? Aliyense akudikira thonje. Kale pakhomo pa amayi mlendo sankachoka osatsuka mkamwa. Koma poti masiku ano amuna a pamudzi pano anasanduka oweta ntchentche, basi."

Sindinatchule msampha. Ndakhala ndikudzitonthoza ndi zimenezo zaka zonsezi, kuti mawuwo sanatuluke mkamwa mwanga. Koma ndinkadziwa chimene ndinapitira, nawonso ankadziwa. Iwo anangoti, "Pita ukasinje nsawa zako."

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, ndinapeza nyama kukhitchini kwanga, yosendedwa bwino, yokulungidwa m'masamba a nthochi. Anali gwape. Amayi awiri a m'gulu lathu amene anabwera kudzandithandiza kuphika anaiyang'ana, n'kuyang'anana. Ine ndinati ndi kambuzi kochokera ku Tamanda. Alendo anadya, nayamikira, ndipo amayi a mwamunayo anati mbuzi za kumudzi n'zokoma kuposa za ku butchala. Ndinaseka nawo mpaka mano onse panja.

Sabata yotsatira anthu anayamba kuseka achimwene. Potsika kamtunda ka kudambo ankaimitsa njinga poponda tayala ndi chidendene, fumbi koboo. Wina anawafunsa kuti buleki yapita kuti, iwo anati yaduka. Zoona zake n'zakuti mawaya awo onse anali atapereka kale, ndiye anamasula waya wa buleki, n'kuudula pawiri, n'kutchera misampha iwiri. Umodzi unagwira gwape uja. Winawo anaufunafuna osaupeza, chifukwa udzu unali utagwa ndi mphepo. Anaupeza ndi amuna athu olondera nkhalango, uli ndi kachitsulo ka kumapeto kwa buleki kakadali pomwepo. M'mudzi wa njinga zowerengeka panalibe chofufuza.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Ine pampando, waya patebulo, achimwene atakhala pa njerwa, chipewa chili m'manja. Sanakane. Bambo wina wa m'komiti anawafunsa chimene chinawabweza ku ntchito imene anaisiya okha.

"Nkhuli," anatero.

Mayi mmodzi mwa awiri anandithandiza kuphika aja anakweza dzanja. Sankayang'ana achimwene, ankayang'ana ine.

"Nanga nyamayo inapita kuti? Ife oyandikana nawo sitinamve fungo la nyama pakhomo pawo."

Apo ndiye panali pakhomo potulukira. Akanangomva mawu anga atatu, akuti ndinawatuma ndine ndemwe, mwina anthu akanagawa mlanduwo, mwina akanawasiyira ming'oma iwiri. Ndinaganiza za mpando wanga, za mwana wanga kuchipongozi, za anthu onse amene ndinawakalipirapo pa nkhani ya misampha. Ine wa pakamwa uja ndinangoti duu.

"Ndinaotcha kutchire konko, n'kudya ndekha," anatero achimwene.

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba, poganiza za nkhalamba ikumaliza gwape yekha. Kuseka kutatha onse anatembenukira kwa ine kuti ndigamule. Ndinaimirira n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, silidziwa mbale. Mawu sananjenjemere n'komwe. Panali ena anandiyamikira pambuyo pake kuti ndine mayi wolimba mtima, ndipo ndinalandira kuyamikirako.

Ming'oma anakaitenga m'mamawa njuchi zisanatuluke. Ndinapita nawo monga wapampando. Achimwene anatsogolera okha, natseka makomo a ming'oma ndi udzu wofewa, n'kumawauza onyamulawo kuti asagwedeze, akaike pamthunzi, asaiwale madzi. Mng'oma womaliza anausisita pamwamba ndi chikhatho. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma mwana wake apa anali mayi wa imvi, wodziwa bwino chimene akudya.

Sanandinenepo kwa munthu. Ankabwerabe kwathu Lamlungu tikaweruka ku Misa, n'kumafunsa za ana, za mbewu, za denga lodontha. Kukoma mtima kumeneko kunkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Akanandilalatira ndikanawabwezera, poti zimenezo ndiye ndimazitha. Ndinkawaona m'mawa atakhala pakhonde opanda kopita, ine n'kudzera njira ya kuseri.

Thonje litagulidwa ndinapita ku Chipata, ndipo pamsika ndinagula waya watsopano wa buleki. Ulendo wonse wobwerera ndinkakonza mawu opepesera. Ndinawapeza akupopa njinga yomweyo. Ndinagwada, n'kupereka kaphukusiko ndi manja awiri, koma mawu onse ndinakonza aja anathawa.

"Ndati mukonzere njinga, achimwene. Mudzagwa pa kamtunda kaja."

Anamasula pepala, nauyang'ana wayawo, naukoka pang'ono ndi zala ngati akuyesa kulimba kwake. Kenako anaukulunganso bwinobwino n'kuubweza m'manja mwanga.

"Usandipatse waya ine, mlongo. Ukudziwa chimene ndimachita nawo iwe ukalira."

Sananene mokalipa. Anapitiriza kupopa tayala lawo.

Wayawo ulipo mpaka lero, uli pa msomali kuseri kwa chitseko changa, m'pepala lake lomwelo. Nkhalango ili bwino, agwape achuluka, alendo a bungwe akabwera amandijambula ndili pafupi ndi ming'oma ya anthu ena. Achimwene akadaimitsabe njinga ndi chidendene, ndipo ana a sukulu akawaona amakuwa kuti uyo wadya gwape yekha uja akubwera.