Kompyuta Yozima M'manja Mwanga

Kompyuta ya kalabu yathu ya alimi a thonje inkazima ikaona ine. Mayi mnzanga amene ankagwira m'mawa sinkamuvuta. Koma ine ndikalowa masana, ndikangolemba mayina a alimi angapo, inkayamba kulira ngati chigayo, kenako n'kuzima, ntchito yonse n'kupita.

Poyamba anthu ankaseka, ati ndili ndi dzanja lolemera. Kusekako sikunakhalitse. Atcheya athu, bambo osakonda zolankhula ochokera ku Makhanga, anayamba kumaima kumbuyo kwanga n'kumayang'ana zala zanga. Kiyi wa ofesi anandilanda osanena chifukwa. Kumsika ndinamva zoti ndimaba tizitsulo tam'kati, ena ati ndimaizimitsa dala kuti ndiweruke msanga. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa ana anga.

Inenso ndinali naye wanga womukayikira. Mnzanga wam'mawa uja anali ndi mng'ono wake amene ankangokhala osagwira ntchito, ndipo moni wa mnzangayo anali atayamba kutsekemera mopitirira. Ndinkati ndithu kalipo kamene amasiya asanachoke kuti ine ndichotsedwe.

Bokosi lenileni la kompyutayo silinkakhala patebulo. Madzi osefukira a mtsinje wa Shire atamiza kompyuta yoyamba, atcheya anakhoma kansanja kamatabwa m'mwamba, pafupi ndi malata, n'kuikapo bokosi latsopano atalikulunga m'pulasitiki. Zingwe zokha ndizo zinkatsikira patebulo. Kwathu kuno cha mtengo chilichonse timachikweza, kaya ndi mbewu, kaya mabulangete, choncho palibe anaonapo chachilendo.

Akalabu anaitanitsa katswiri wa makompyuta kuchokera kuboma. Atcheya, pofuna kulemekeza mlendo kuti asakwere pampando, analitsitsa okha bokosilo n'kulipukuta iye asanafike. Munthuyo anabwera m'mawa kukadali kozizira, anaiyatsa, anaiseweretsa mpaka anatopa, n'kunena kuti ilibe vuto. Atangochoka, bokosi linabwerera kumwamba, ndipo atcheya anandiuza kuti ndimalize mwezi umenewo basi.

Unali Okotobala, mbuzi zomwe zikuthawira pansi pa ngolo. Tsiku lina itazimanso, mtima unandikwera. Ndinakoka mpando kuti ndikagwire kamene mnzangayo anabisa kumwambako, kaya ndi chithumwa kaya n'chiyani, ndikaonetse anthu. Chithumwa sindinachipeze. Mutu wanga utangoyandikira malata ndinamva ngati ndasuzumira mu uvuni wa njerwa. Pulasitiki anali atafewa n'kumatirira pabokosi, ndipo timabowo topumira tinali titatsekeka ndi fumbi ndi ulusi wa thonje. Bokosilo silinkagwirika.

Ndinalitsitsa nditakulunga manja m'chitenje, ndinang'amba pulasitiki uja, n'kuchotsa fumbi ndi nthenga ya nkhuku. Litazizira ndinayatsa. Inagwira mpaka dzuwa kupendeka, phokoso lachigayo lija osamveka.

Atcheya analowa n'kuima chilili.

"Wakuuzani ndani kuti muitsitse?"

Ndinawafotokozera kuti m'mawa malata amakhala asanatenthe, koma masana amaiwotcha. Sanandikhulupirire. Anakwera pampando, anagwira kansanja kawo, n'kubweza dzanja msanga. Ndinkadikira kuti mwina apepesa, koma iwo anayang'ana khoma, pamene mzere wa matope a madzi aja unkaonekabe pamwamba pa tebulo.

"Nanga Shire akadzabwera, adzaikweza ndani?"

"Ine, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu wogula mbuzi kwa mlendo. Kenako anatulutsa kiyi uja n'kuuika patebulo, osati m'manja mwanga.

Ntchito ndinapitiriza, kiyi ndimamangirira pansonga ya chitenje. Mpaka pano mvula ikangogunda kumapiri, ndimasiya ana akudya n'kuthamangira ku ofesi kukakweza bokosi. Kawirikawiri ndimawapeza atcheya ataima kale pakhomo, kiyi wawo ali m'thumba, akudikira kuti aone ngati ndibwere.