Niam, Wometa Mtengo

Niam anabadwira m'mudzi wa Khuan Sai, kumwera kwa Thailand, kumene munthu akati ali ndi munda ndiye kuti akunena mitengo ya mphira. Anali mwana wachisanu ndi chimodzi, ndipo munda wa bambo ake unathera pa wachinayi. Atangomera ndevu anapita kudoko kukagwira ntchito m'zombo za asodzi. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Nsomba sanabwere nazo. Anabwera ndi chithunzi cha kambuku chodindidwa pachifuwa, chimene aliyense ankati ndi mphaka, ndiponso chibaba cha ufa woyera uja wobaya m'mitsempha.

Anamuchotsa mu ufawo ndi mkulu wina woyandikana nawo nyumba, bambo ake a mtsikana wotchedwa Iat. Anamutsekera m'chisakasa choyanikiramo mphira masiku khumi ndi awiri, akumupatsa phala la mpunga ndi masamba a kratomu, oziziritsa chibaba, othyola mumtengo wa kuseri kwa nyumba. Niam anasanza, anatukwana, analira, mpaka analuma chitseko. Tsiku la khumi ndi chitatu anatuluka n'kupempha nsomba yokazinga. Mkuluyo anayang'ana chitseko chake, kenako anayang'ana Iat amene ankangozungulirazungulira pamenepo.

“Wandidyera chitseko,” anatero. “Tenganso uyu, ndipume.”

Niam anakwatira Iat, ndipo mkulu uja atamwalira, nyumba ndi mtengo zinakhala zawo. Kwa zaka makumi atatu moyo wake unali umodzimodzi. Ankacheka makungwa a mphira, kutola utomoni, ndi kutafuna masamba khumi pa tsiku, asanu m'mawa, asanu masana. Ankayamba wachotsa mtsempha wapakati, kuwaza kamchere, kenako kutsitsira madzi ofunda. Akatero msana unkamuleka, ndipo dzuwa ankagwira nalo ntchito ngati mnzake. Mvula yokha ndiyo ankaiopa, monga amachitira otafuna onse. Kamtambo kakangoti bii, Niam anali kale m'nyumba atafunda thaulo.

Mtengo wa kratomu unali woletsedwa Niam asanabadwe n'komwe. Koma lamulolo linali ngati wachibale wa kutauni. Linkabwera kamodzi pa zaka zingapo, kudya, kudandaula, n'kubwerera.

Kenako anyamata a m'mudzi anatulukira nzeru yowiritsa masambawo m'ketulo, n'kusakaniza ndi mankhwala a chifuwa ndi zakumwa za m'botolo. Mmodzi atamwa anakwera njinga yamoto n'kukalowa nayo m'khitchini ya eni ake, mwendo thyo. Ameneyo anali mwana wa Chaluai, mng'ono wake wa Iat, amene ankathandiza pa kachipatala ka m'mudzi. Chaluai anali mayi wa kope ndi cholembera, wosakhulupirira chilichonse chimene sichinabwere m'katoni ya boma. Anayenda nyumba ndi nyumba kulemba mitengo yonse ya kratomu, n'kukapereka kupolisi. Pomaliza anafika kwa mkulu wake.

“Alamu, mtengo wanu ndaulemba.”

“Waulemba sukulu?” anafunsa Niam.

“Ndaulemba kuti udulidwe. Ana akutha.”

“Ine ndimatafuna, mlamu. Sindiwiritsa.”

“Mumatafuna ngati mbuzi, tikudziwa. Nanga amene amakuberani masamba mukapita kumunda, amatafunanso?”

“Mbuzi unaionapo itagwa pa njinga yamoto?”

“Zoseka ayi. Tasiyani sabata imodzi, tione ngati si ukapolo womwe uja wangosintha malaya.”

Niam anali atayesapo kale. Tsiku loyamba mphuno zinkachucha. Lachiwiri msana unkakhala ngati wina waupondapo. Koma lachitatu ndilo ankaliopa, chifukwa lachitatu ankayamba kukumbukira njira ya kudoko, ndi dzina la munthu wina kumeneko. Basi ya kudoko inkadutsa pamsewu tsiku lililonse 2 koloko masana.

Apolisi anayamba kudula Lolemba, kuchokera kumunsi kwa mudzi. Kwa Niam anati afika Lachisanu.

Lachiwiri Niam anakhomera pa mtengo kathabwa kolembedwa kuti MANGO. Iat anakawerenga, n'kukazula, n'kukasonkhezera moto. Lachitatu, akuchokera kumsika, Niam anaima pamene msewu wa tala umakhota popanda chifukwa. Chifukwa chake chinalipo: mtengo waukulu womangidwa nsalu za mitundumitundu. Aliyense amadziwa kuti mtengo wotero uli ndi mwini wake, mayi wosaoneka, ndipo woudula amatupa mimba kapena kuyamba kulankhula ndi nkhuku. Omanga msewu anasankha kukhota.

Niam anabwerera kumsika. Anagula nsalu zitatu, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, zofukiza, ndi botolo la chakumwa chofiira chimene mizimu imakonda. Anazenga nsaluzo pa thunthu, n'kuika botolo pansi, kathete komwera kali momwemo.

Iat anatuluka ndi chipande m'manja.

“Bambo inu, mutu ukuyenda? Bambo anga anakodza pa mtengo umenewu zaka makumi anayi. Mzimuwo unali kuti?”

“Unkapirira,” anatero Niam.

Lachisanu kunafika galimoto. Munatuluka Sajeni Prawet, wamimba, wopukuta thukuta ndi chipewa, ndi munthu woonda wonyamula macheka a injini. Woondayo ataona nsalu anaika macheka pansi, anavula nsapato, n'kugwirizanitsa manja pamphumi.

Sajeni anayandikira, nanunkhiza nsalu.

“Amalume, nsaluyi ikununkha sitolo.”

“Amayi sakonda zakale.”

“Amayi ake ati? Chaka chatha ndinadutsa pano, munamangirirapo ng'ombe.”

“Inali yawo.”

Sajeni anatembenukira kwa wamacheka. “Iwe, dula.”

“Dulani nokha, bwana. Ine ndili ndi ana anayi ndi mimba imodzi.”

Sajeni ananyamula machekawo. Anakoka chingwe koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu anakoka mwaukali mpaka batani la malaya linaulukira m'tchire, koma injini sinatsokomole n'komwe. Niam anali ataona woonda uja akutseka kampopi ka mafuta ndi chala, koma anangoyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Sajeni anaika macheka pansi pang'onopang'ono, ngati akugoneka khanda. Anati abweranso akafufuza, ndipo polowa m'galimoto anayenda chafutambuyo.

Masana amenewo Niam anatafuna masamba ake asanu akumwetulira. Anamwetulira sabata imodzi.

Pa 16 mwezi womwewo manambala a lotale anatuluka, ndipo awiri omaliza anali a pa galimoto ya apolisi ija. Mkazi wa wamacheka anali atawasewera. Sanasunge chinsinsi.

M'mawa mwake Niam anapeza anthu makumi awiri pansi pa mtengo wake. Madzulo anali oposa zana. Ankapaka paudala pa khungwa n'kumasisita ndi chala chachikulu kuti manambala aoneke. Anabweretsa madiresi, zipeso, magalasi odziyang'anira, ndi mabotolo ofiira ochuluka moti nyerere za mudzi wonse zinasamukira kwa Niam. Ena anayala mikeka n'kumagona pomwepo kudikira maloto. Iat, amene ankati mzimu kulibe, anayamba kukazinga nthochi pachipata.

Niam anadutsa pakati pa anthuwo, natambasula dzanja kuti athyole tsamba. Gogo wina anamumenya ndi chokupizira mphepo.

“Wamisala iwe! Ukuzula tsitsi la Amayi?”

“Agogo, mtengowu ndi wanga.”

“Wako? Unawakwatira?”

Anthu anaseka, koma anamutchingira. Ngakhale tsamba logwa lokha linkalimbiranidwa, chifukwa mitsempha yake ankati imalemba manambala. Mitengo ina yonse ya m'mudzi inali itasanduka nkhuni. Niam anali atapulumutsa mtengo wake bwino kwambiri moti iye mwini sakanatha kuukhudza.

Tsiku loyamba mphuno zinachucha. Lachiwiri sanapite kumunda. Lachitatu anasamba, navala shati yake yoyera ya kutauni, nakhala pakhonde akuyang'ana kumsewu. Nthawi inali 1 koloko.

Iat anaona shatiyo ndipo nthochi zinapserera m'chiwaya.

Chaluai anafika ndi kope lake kudzadandaula za anthu okodza m'ngalande. Ataona maso a mlamu wake akulengeza misozi, anayamba, “Mwaonatu? Si ndinanena kuti ndi ukapo...” Kenako anaona shati. Masiku a chisakasa aja Chaluai anali ndi zaka khumi, ndipo ndi iye ankalowetsa mbale ya phala kunsi kwa chitseko. Anatseka kope.

“Mukupita kuti, alamu?”

“Kukaona nyanja.”

“Nyanja ilipo, sinasamuke. Khalani pomwepo.”

Anakokera mkulu wake kukhitchini. Ananong'onezana, Iat anati “Iwe?” mokweza, kenako anatuluka. Chaluai anakaima pansi pa mtengo, nawomba m'manja.

“Abale, ine mumandidziwa. Zamalotozi sindigwirizana nazo. Koma ndalota.”

Onse anasendera pafupi. Munthu wina aliyense akalota, ndi maloto. Koma Chaluai akalota, ndiye kuti zavomerezedwa ndi boma.

“Kunabwera mayi wa tsitsi lofika pansi. Anati, mwandipatsa zipeso makumi atatu, koma ndikufa ndi kutentha. Ndikufuna kumetedwa. Tsiku lililonse, masamba khumi, asanu m'mawa, asanu masana. Osati khumi ndi limodzi.”

“Awamete ndani?” anafunsa gogo wa chokupizira uja.

“Anati munthu wa mphaka pachifuwa.”

Mitu yonse inatembenukira kukhonde.

“Ndi kambuku,” anatero Niam.

“Iwo anati mphaka, alamu. Mukufuna kutsutsana nawo?”

Niam sanafune.

“Anatinso tsitsi lawo lisagwe pansi, lisatenthedwe, ndipo amene adzaliwiritse m'ketulo adzagwa pa njinga yamoto ngakhale alibe njinga.”

“Nanga lizipita kuti?” anafunsa wina.

Chaluai anapumira m'mwamba, ngati munthu womeza mankhwala ake omwe. “M'kamwa mwa wometayo.”

Anthu anagwedeza mitu. Zinali zomveka. Gogo uja anathamangira kwawo kukatenga sizasi, wina anaimangirira ku nsungwi, ndipo Niam anavulidwa shati kuti onse aone mphakayo. Basi ya kudoko inadutsa iye ali pachifuwa pamtunda, akudula tsamba lachitatu, anthu zana akumuuza kuti mbali ya kumanzere yatalika.

Chaluai anamudutsa pafupi n'kunena motsitsa mawu, “Khumi, alamu. Ndiziwerenga. Ndipo maganizo anga sindinasinthe.”

“Ndikudziwa, mlamu.”

“Mukanakhala galu ndikanakubayani jakisoni.”

Sajeni Prawet anabweradi atamaliza kufufuza, ali ndi wamacheka wina wochokera kutali. Anapeza Niam tsaya lili tuu.

“Amalume, mukutafuna chiyani?”

Niam asanameze, mawu anachokera pa mkeka wa kutsogolo. Anali apongozi ake a Sajeni, chala chili mbuu ndi paudala.

“Prawet, vula chipewa. Ukuwatchingira Amayi mphepo.”

Sajeni anavula chipewa. Anaima pang'ono, kenako anafunsa ngati pali amene waona nambala iliyonse lero.

Anyamata a ketulo sanathe. Anayamba kuitanitsa masamba kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo Chaluai anawathamangitsa ndi kope lake mpaka anapuma ntchito. Koma pa mtengo wa Niam sanayandikirenso. Mtengowo unaperekanso manambala olondola kawiri pa zaka khumi ndi zisanu, ndipo anthu ankati Amayi ndi osamala, sapereka mwachisawawa.

Niam ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, lamulo linasintha. Mbande za kratomu zinayamba kugulitsidwa pamsika poyera, pafupi ndi tsabola. Prawet, amene anali atapuma upolisi, anabzala makumi anayi. Chaluai anati boma lapenga. Niam anati boma lachira. Anakangana mpaka khofi anazizira, monga ankachitira Lamlungu lililonse.

Tsiku limenelo Niam analengeza kuti akukamasula nsalu, popeza ntchito yake yatha. Anapita pa mtengo, nagwira mfundo. Anaima nthawi yaitali. Kenako anabwerera, nati dzuwa lachuluka, amasula mawa.

Mawa lake sanamasule. Mpaka lero amatuluka m'mawa ndi sizasi ya pa nsungwi, n'kugwirizanitsa manja pamphumi.

“Amayi, pang'ono chabe, m'mbalimu.”

“Nkhalamba inu,” Iat amakuwa ali kukhitchini, “nsaluzo munagula nokha pamsika!”

“Ndikudziwa,” amatero Niam. “Koma iwo sakudziwa.”

Shati yoyera ya kutauni ija Iat anaipachika pa nthambi tsiku lomwe lija Niam anavulidwa, pakati pa madiresi a Amayi. Mvula ndi dzuwa zaichita zaichita, yatsala kolala ndi dzanja limodzi. Chopachikidwa pamenepo sichichotsedwa, ndipo Niam sanaifunsepo.