Ziweto za alamu m'dimba la mpiru

Chaka chimene ndinakhala kwa achemwali anga kufupi ndi Edingeni, alamu anasiya kupopera mankhwala m'dimba. Mpiru wawo unali utadzaza nsabwe, zotuwa zija zounjikana kunsi kwa tsamba. Mlangizi wa zaulimi atabwera anawalozera kachikumbu kofiira ka madontho akuda kakukwera tsinde.

"Aka kamadya nsabwe tsiku lonse," anatero mlangizi. "Mukapopera mumapha wantchito wanu."

Alamu anali munthu wa ng'ombe, koma ng'ombe zawo zinatha ndi matenda n'kungotsala khola. Mwina n'chifukwa chake nkhaniyi inawalowa kwambiri. Anayamba kuyenda ndi kabokosi ka machesi, kutola tizikumbuti paliponse n'kudzatitsanulira mu mpiru mwawo. Ankatitchula kuti ziweto.

Tsiku lina mayi wa dimba loyandikana nalo anawapeza atagwada mu repu wake.

"Mukupenja vichi, adada?" anatero mayiyo, kuwafunsa chimene ankafunafuna.

"Zanga zalowerera kuno."

Mayiyo atamva ntchito ya tizikumbuto anati timene tatera kwake n'take. Anakangana nthawi yaitali ndithu, alamu akuumirira kuti tawo amatidziwa nkhope. Mkangano uli mkati, kamene ankalimbiranako kanauluka kulowera kumabango, onse awiri n'kungokayang'ana.

Kenaka panabuka nkhani ya nyerere. Alamu anaona nyerere zikuluma kachikumbu miyendo mpaka kanagwa pa tsamba chagada. Mlangizi anati nsabwe zimatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimamwa, choncho zimaziteteza.

"Ndiye kuti nazonso zikuweta?" anafunsa alamu.

"Tingatero."

Alamu anaziyang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti ayamba kuzipatsa ulemu. Phulusa loingitsira nyererezo anathirabe kuzungulira mbewu, koma akupepesa.

Dzuwa litayamba kutentha, pa masamba panaoneka tizilombo tina tatitali, takuda, ta timinga, tonga ting'ona tating'ono. Alamu anati amenewa ndiye afisi. Anavula malaya n'kuyamba kutitswanya ndi chala m'mawa wonse, mzere ndi mzere, ine ndikuthirira kumbuyo kwawo. Mlangizi akudutsa pa njinga, alamu anamuimitsa kuti aone ntchitoyo.

Mlangizi anawerama, n'kutenga kamodzi kamoyo pa chikhatho.

"Bambo, awa ndi ana a tizikumbu tanu tija. Amadya nsabwe kuposa makolo awo."

"Ana? Osafanana chonchi?"

"Amasintha akakula."

Alamu anayang'ana chala chawo chimene chinali chitasanduka chachikasu. Anavala malaya, n'kukakhala pa ndowa yovundikira.

"Mbwenu nakoma mathole," anatero chapansipansi, kuti apha anaang'ombe.

Kuchokera tsiku limenelo tsamba lililonse limene achemwali athyola linkayenera kudutsa m'manja mwa alamu. Ankalitembenuza, kuliunika padzuwa, akapeza kang'ona n'kukasamutsa ndi kaudzu mosamala ngati wanyamula dzira. Ndiwo zinkafika pamoto anthu atayamba kale kuyasamula ndi njala.

Mpiru uja unachira ndithu. Koma achemwali anatopa ndi kudikira, nayamba kukathyola ndiwo kwa mayi wa dimba loyandikana uja. Wathu unangokula mpaka kuchita maluwa, alamu akuyendamo manja kumbuyo, osalola munthu kuugwira.