Timabawuti ta Sikuta pa Chitenje Changa

Linali Lachitatu, 4 koloko madzulo, m'sabata yachiwiri ya Malichi, pamene namwino anandipatsa jumbo ya zovala za amuna anga, bambo a Lusiya. Anali atangomwalira kumene. Ndinakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kuyamba kupinda zovalazo, poti manja ankafuna chochita. M'thumba la buluku ndinapezamo kiyi wa sikuta, womangidwa ndi kachingwe kofiira.

Sikutayo anaigula kutsidya ku Mozambique, itagwirapo kale ntchito. Ndi njinga yamoto yaing'ono, yopanda magiya, yokhala ndi popondapo mapazi pakati, moti mayi atha kuiyendetsa atavala chitenje. Ankanyamulira nandolo ndi chinangwa popita kumsika, koma ntchito yake yaikulu inali ina. Amayi anga amadwala kuthamanga kwa magazi ndi kutupa miyendo, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonekera kuchipatala chachikulu ndi kukalandira mankhwala. Kuchokera kwathu ku Nkhulambe n'kutali. Mkamwini wawoyo ndiye ankawanyamula. Ine ndinali nditaiyendetsapo kangapo pabwalo la sukulu, iwo akuthamanga pambuyo n'kumakuwa kuti ndisakoke moto kwambiri. Koma kuitsegula m'kati sindinayesepo.

Kwathu katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale ake atabwera kudzagawa. Maliro atatha, tinaikankhira sikuta m'chipinda chosungira chimanga n'kuifunditsa mphasa. Abalewo anati abwera akakolola. Anabwera mu Julaye. Miyezi inayi yonseyo palibe anailiza. Amayi tinawakweza kabaza kamodzi, anabwerako akulira ndi msana, ndipo miyezi iwiri yotsatira anakana kupita. Miyendo inatupa mpaka nsapato zinasiya kulowa.

Pogawa katundu panalibe mkangano. Akuluakulu anati sikuta itsale kwa ine, chifukwa malemu anali atanena kale. Ndiye mng'ono wawo wa malemu, a Fanuwelo, anaitulutsa panja kuti aiyese. Batire inali itatha. Anaponda kiki, chitsulo cholizira injini ndi phazi, mpaka thukuta linayenderera m'khosi, koma injini sinatsokomole n'komwe.

"Alamu, iyi yafa," anatero akupukuta nkhope. "Ikangokhala pano ichita dzimbiri. Loweruka ndibwera ndi ngolo ndidzaitenge, ndikaone chochita nayo."

Akuluakulu anavomera kuti ikapezeka ikulira itsale, ikapezeka chete ipite. A Fanuwelo si munthu woipa, koma ndinkadziwa kuti ikakwera ngoloyo sidzatsikanso pakhomo panga. Linali Lachitatu. Tsiku la amayi kuchipatala linali Lachiwiri lotsatira. Makaniko wa pamsika pathu anali atapita kutsidya kukagula nandolo, osadziwika tsiku lobwera.

Alendo atapita, ndinaima n'kumaiyang'ana. Amayi anali pakhonde atatambasula miyendo.

"Ukuiyang'ana ngati ikuyankha," anatero. "Si iwe mwana wa a Yohane? Kapena unaiwala wilo ya Che Saidi?"

Sindinaiwale.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, chaka chomwe ndinasiya sukulu. Bambo anga, a Yohane, ankakonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mbawa pamsika. Analibe shopu. Anali ndi bokosi la zipangizo, pampu, zitini zitatu za manati ndi mawashala akale, ndi thumba la feteleza lomwe ankayala pansi. Masana ndinkawapititsira chakudya.

Tsiku lina Lachisanu ndinawapititsira nyemba za kalongonda m'kambale. Ndinapeza atamasula wilo ya kumbuyo ya njinga ya Che Saidi, bambo wina wogulitsa matemba a ku Chilwa. Njingayo inali yachilendo. Magiya ake anali m'kati mwa habu, chitsulo chonenepa chija chapakati pa wilo, ndipo bambo anali asanatsegulepo yotero chiyambire ntchito yawo. Che Saidi anali atapita kumzikiti. Bambo anandiuza kuti ndilondere malo, iwo akasambe m'manja kumjigo. Kumeneko anapeza anzawo ndipo anachedwa.

Pathumba paja panali mzere wokhotakhota wa tizitsulo takuda ndi girisi: nati, washala, kamphete, timano, washala wina, timipira tachitsulo. Kwa ine zinkaoneka ngati zangomwazika. Kunyumba amayi ankandiphunzitsa kusankha nyemba, zofanana pamodzi, miyala kwina. Ndinati ndiwathandize bambo. Ndinapukuta kachitsulo kalikonse ndi kansanza. Manati ndinawaika m'chitini cha manati, mawashala m'chitini cha mawashala, zotsala m'chitini chachitatu. Thumba ndinalikutumula bwinobwino n'kulipinda. Kenako ndinakhala pabokosi, manja pamiyendo, kudikira kuyamikiridwa.

Bambo atafika anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Wachita ndani, Aginesi?"

"Ndine, bambo. Ndakukonzerani."

Anatola chitini chimodzi n'kuchigwedeza pang'ono, tizitsulo ta Che Saidi tikulira pamodzi ndi ta njinga zina zambirimbiri. Mwini njinga atabwera n'kumva nkhaniyo, anaseka, ngakhale m'maso munalibe kuseka.

"A Yohane, mwana wanu ndi waukhondo. Njinga yanga waiyeretsa mpaka yatha. Nanga matemba angawa agona pansi pa mbawa?"

Bambo anamasula bokosi lawo panjinga yawo n'kumupatsa Che Saidi njingayo kuti ayambe wayendera. Ife tinabwerera kumudzi wapansi, iwo atasenza bokosi, ine wilo pamutu ndi zitini m'chitenje. Anthu ankatiseka m'njira. Titafika amayi anati, "Mukanangomukwapula zithe." Bambo anati, "Ndikamukwapula, habu ibwerera?"

Chilango changa chinali kukhala pambali pawo masiku atatu. Anzanga akusewera fulaye kuseri kwa nyumba, ine ndinali pansi, kutulutsa kachitsulo kamodzikamodzi m'zitini, bambo n'kumayesa. Fungo la girisi ndi palafini linandilowa m'zikhadabo. Kumsika sanapite masiku onsewo, ndipo ndiwo zinasowa pakhomo. Tsiku lachitatu wilo inazungulira, koma mwa magiya atatu aja anagwira awiri okha. Kachitsulo kena sitinadziwe mbali yomwe kankayang'ana. Bambo anakamuuza Che Saidi zoona zake, ndipo bamboyo sanabwerenso kudzakonzetsa njinga kwa ife.

Madzulo a tsiku limenelo bambo anatenga wilo ya njinga yakale, anayala thumba, n'kuimasula ine ndikuona.

"Usanachotse chinthu, yamba wachiyang'ana m'mene chakhalira," anatero. "Choyamba kuchoka uchiike kumanzere, chachiwiri pambali pake, monga chinalili, osachitembenuza. Pobwezera uyambire kumanja. Ine mutu wanga sungasunge zonsezi. Limandisungira ndi thumbali. Tsopano bwezera."

Ndinabwezera. Anamasulanso. Ndinabwezeranso. Bambo atamwalira, thumba ndi bokosi zinapita kwa abale awo, ndipo zaka zonse za banja langa sindinagwirenso sipanala.

Lachinayi m'mawa ndinalowetsa sikuta m'chipinda chochezera, chitseko ndinachisiya chotsegula kuti muziwala. Pansi pa mpando wake ndinapeza zipangizo za malemu zitakulungidwa m'sokosi yakale. Thumba la feteleza loyera ndinalibe, ndiye ndinayala chitenje changa chakale cha kumpingo. Amayi anadzikokera pakhomo ndi ndodo yawo. Anati ntchito yawo ikhala yothamangitsa nkhuku.

Sikuta siili ngati njinga yakapalasa yomwe zonse zimaoneka poyera. Injini yake imabisika m'mapulasitiki, ndipo mapulasitikiwo amagwidwa ndi timabawuti tambiri tooneka ngati tofanana, koma tosiyana kutalika. Ndinayamba ndi mpando. Kabawuti kalikonse ndinkayamba ndakayang'ana, n'kukamasula, n'kukagoneka pachitenje. Pofika masana mzere unali utafika pakati pa nsalu.

Ndinayamba ndi zomwe ndinaonapo malemu akuchita. Ndinamasula pulagi, kachitsulo koyatsa moto mu injini. Inali yakuda ndi mwaye, ndinaipala ndi kawaya n'kuipukuta. Ndinanunkhiza petulo wa m'thanki. Fungo lake linali losasa, losiyana ndi lomwe linkanunkha m'malaya a amuna anga. Ndinasolola timapaipi n'kumukhuthulira yense m'beseni. Kenako ndinaona kabokosi kakuda chakumanzere, pamwamba pa wilo ya kumbuyo, ndipo pakamwa pake pankatuluka kagaga. Nditakatsegula munagwa gaga, zikhokho za chimanga, tinsanza ndi ndowe za makoswe. Munali chisa chathunthu. Siponji yomwe imasefa mpweya wolowa mu injini inali itadyedwa theka.

"Alendi ako amenewo," anatero amayi. "Miyezi inayi osalipira lendi."

Lachisanu ndinatsuka kabokosiko n'kukayanika. Ndinadula kachidutswa ka matiresi akale molingana ndi siponji ija. Ndinapalasa njinga kukagula petulo wa m'botolo kumsewu. Chitenje chinakhala pomwepo osasunthidwa, nditachivindikira ndi malichero awiri. Ndinati ndibwezere Loweruka m'mamawa, poti a Fanuwelo sakanafika dzuwa lisanakwere.

Anafika dzuwa lisanakwere. Ndinamva mabelu a ng'ombe ndili pakati pa mzere. Ndinayamba kuthamanga. Ndinamanga zotsalazo mwachangu, ndinathira petulo, n'kuikankhira panja iwo akumasula chingwe pangolo.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Eee, mwasanduka makaniko?"

"Tadzuka, alamu. Ndimangoyesa."

Ndinalowetsa kiyi n'kuponda kiki. Chete. Ndinapondanso kasanu, kakhumi. A Fanuwelo anaponda nawonso ndi mwendo wawo wamphamvu. Chete. Anandiyang'ana mwachisoni.

"Mwayesetsa, alamu. Akuluwo akanaona akanasangalala. Tiyeni tikweze, ng'ombe zisatope ndi dzuwa."

Pamenepo amayi anagogoda pansi ndi ndodo, n'kuloza m'nyumba.

"Aginesi, nanga ako? N'kandolo kako?"

Ndinalowa. Pachitenje panali patatsala kawaya kamodzi kopindika ngati mphete, kang'ono ngati chikhadabo. Pofulumira paja ndinakadumpha. Ndikanakapeza m'beseni kapena pansi, sindikanadziwa komwe kanachokera. Koma kanali pamalo pake. Kachitsulo kalikonse kanali katasiya dontho la oyilo pansalu, ndipo kawayako kanagona pakati pa dontho lalikulu la pulagi ndi madontho a timabawuti ta kabokosi kakuda kaja. Ndiye kuti kanachoka pomwe ndinkasolola timapaipi, ndisanafike pa kabokosiko.

"Alamu, khalani pansi pang'ono," ndinatero. "Amayi, apatseni thobwa."

Ndinatulutsa chitenje panja n'kuchiyala. Ndinamasulanso mpando, kuyambira kumanzere, osathamanga. A Fanuwelo ankamwa thobwa akuyang'ana ng'ombe zawo. Pansi pa thanki ndinaona kapaipi kopyapyala kakulendewera, kukamwa kwake kuli ndi mzere pomwe kawayako kankagwira. Pafupi panali kamlomo kachitsulo kopanda kanthu. Ndinakalowetsa n'kukamanga ndi kawaya kaja. Ndinabwezera zonse kuyambira kumanja mpaka pachitenje panatsala madontho okha.

Ndinaponda koyamba, chete. Kachiwiri ndi kachitatu, chete. Kachinayi inatsokomola. Kachisanu inalira, n'kutulutsa utsi wakuda womwe unabalalitsa nkhuku zonse ndi kudzidzimutsa ng'ombe za pangolo. Kulira kwake kunali komwe kuja kunkandiuza madzulo kuti bambo a Lusiya afika pamphambano. Ndinagwiritsitsa zogwirira.

A Fanuwelo anamaliza thobwa, napukuta pakamwa.

"Ndiye ngolo ibwerera yopanda kanthu? Ndipatseni ngakhale makoswewo."

Ndinawapatsa dengu la chinangwa.

Lamlungu masana ndi Lolemba ndinakazungulira pabwalo la sukulu, nditamangirira thumba la chimanga kumbuyo kuti ndizolowere kulemera. Lachiwiri ndinawanyamula amayi. Tinayenda pang'onopang'ono moti wakabaza wina anatipitirira, ndipo iwo anandifinya m'nthiti njira yonse, koma tinafika mzere wa odwala usanathe.

Makaniko atabwerako ndinapita nayo kuti aione. Anaseka siponji ya matiresi ija, nati imanyenyeka n'kulowa mu injini, ndipo anandiikira yeniyeni. Anandiuzanso kuti kapaipi kopyapyala kaja ndiko kamachititsa kuti petulo atsike m'thanki. Anandisonyeza poonera oyilo ndi pothinitsira mabuleki. Zambiri za m'kati mwa injini sindizidziwa mpaka lero, ndipo zimene sindizidziwa sinditsegula.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anandilanga chifukwa ndinagwira zinthu zawo. Tsopano ndikuona kuti analibe nazo kanthu kuti ndagwira. Chimene chinawawawa n'chakuti ndinafufuta njira yobwererera, pa chinthu chomwe iwonso sankachidziwa. Munthu wosadziwa atha kutsegula, bola asiye zinthu mwa dongosolo loti zimubweze.

Sikuta sigonanso m'chipinda cha chimanga. Loweruka lililonse m'mawa ndimaona oyilo ndi mpweya wa m'matayala, ndipo ndimailiza ngakhale ndilibe ulendo. Chitenje cha madontho chija sindinachichape, chimakhala pansi pa mpando pamodzi ndi masipanala. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ndimawanyamula amayi kupita nawo kuchipatala.